Mwalandira makalata awiri a ku yunivesite: mmene mungasankhire kokaphunzira

Kuno kwathu, wophunzira amene wakhoza MSCE ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi amafunsira malo ku mayunivesite aboma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Dzina lake likatuluka, limatuluka pa kosi imodzi, pa sukulu imodzi mwa izi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, MZUNI ku Mzuzu kapena MUST ku Thyolo. Ndiye makalata awiri amabwera pamene munthu wasankhidwa ndi boma komanso watengedwa ku yunivesite yomwe si yaboma, kapena wapeza malo kuno ndi kunja, kapenanso sukulu ziwiri zakunja zamuitana nthawi imodzi, monga University of Cape Town (UCT) ndi Wits ya ku Johannesburg. Zonsezi ndi sukulu zolowa movutikira, ndipo pakhomo pamakhala nthungululu. Koma chimwemwe chikangotsika, masiku oyankhira amakhala atayamba kale kutha.

Funso loti muyambe nalo lisakhale lakuti ndi sukulu iti yotchuka. Dzifunseni kuti mwa ziwirizi, ndi iti imene mungailowe, kuilipira chaka ndi chaka mpaka kumaliza, n'kutulukako ndi pepala lokulolani kugwira ntchito imene mukufuna. Njira zili m'munsimu zaikidwa motsatana dala. Zitatu zoyambirira zimatha kugwetseratu sukulu imodzi, ndipo ikagwa pamenepo musavutike kuiyerekezanso pa zina.

Choyamba: werengani kalata iliyonse ndi cholembera m'manja

Makalata awiri akhoza kufanana maonekedwe koma osafanana mphamvu. Ina imakupatsani malo motsimikiza. Ina imati malo alipo pokhapokha mukakwaniritse zakutizakuti, ndipo pa Chingerezi amalemba kuti conditional offer kapena provisional offer. Kalata yotereyi si malo ayi, ndi lonjezo lokhala ndi chingwe. Lembani papepala zonse zimene akufuna: magiredi angati, pa phunziro liti, pofika tsiku liti.

Kwa amene akuyang'ana ku South Africa pali chinthu chimene chimagwetsa ambiri. Wochokera kunja wofuna digiri yoyamba amafunika satifiketi ya matriculation exemption yochokera ku Matriculation Board ya bungwe la Universities South Africa, ndipo MSCE payokha kawirikawiri sikwanira. Amayang'ana A-Level, IB kapena maphunziro ena apamwamba amene munthu wachita kale. Wofuna digiri yachiwiri nthawi zambiri amauzidwa kuti mapepala ake akaunikidwe ndi bungwe la SAQA, ntchito yomwe imatenga milungu. Ngati zimenezi simunaziyambe, kalata ya kumeneko isakupangitseni kutaya malo amene muli nawo kale m'manja.

Kenaka onani zinthu zinayi izi pa kalata iliyonse: dzina lenileni la kosi, kampasi imene mukaphunzireko, tsiku lomaliza kuyankha, ndi ndalama imene akufuna kuti akusungireni malo. Pa dzina la kosi samalani kwambiri. Anthu ambiri amafunsira kosi ina n'kupatsidwa yachiwiri kapena yachitatu pa zimene anasankha, ndipo amavomera poganiza kuti akasintha akafika. Kusintha kosi kumadalira malo ndi magiredi, ndipo pa makosi olimbiranidwa monga udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya, khomo limeneli ndi lopapatiza zedi. Yerekezani kosi imene yalembedwa pakalatapo, osati imene mukuilota.

Masiku oyankhira nawo sagwirizana. Ku South Africa chaka cha maphunziro chimayamba mu Febuluwale, ndipo sukulu zina zimapereka masiku owerengeka chabe kuti munthu avomere malo akatsimikizidwa. Ku Britain chimayamba mu Sepitembala kapena Okutobala, ndipo ofunsira digiri yoyamba kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo kumeneko, amaloledwa kusunga malo awiri okha: oyamba amene akuwafunitsitsa, ndi achiwiri othawirako ngati magiredi apelewera. Malo achiwiriwo azikhala ofuna magiredi otsikirapo kuposa oyambawo. Mukawasankha ofanana, onse awiri amakupulumukani tsiku limodzi.

Chachiwiri: kodi pepalalo lidzagwira ntchito?

Apa sipofunika nthawi yaitali, koma osadumphapo. NCHE imalembetsa sukulu komanso kuvomereza makosi, ndipo ziwirizi ndi zosiyana. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene kosi ina ya pasukulupo sinavomerezedwe, kapena yavomerezedwa pa kampasi ina yokha. Fufuzani kosi yanu yeniyeniyo pa mndandanda wa NCHE, osakhutira ndi mawu a pa chikwangwani.

Ntchito zina zili ndi alonda akeake. Dokotala ndi ena azachipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi, azamankhwala ku PMRA, mainjiniya ku Malawi Engineering Institution, owerengera ndalama ku ICAM. Wophunzira zamalamulo kunja akabwera kumudzi saima m'khoti tsiku lomwelo. Pali njira yodzera ku Malawi Institute of Legal Education, ndipo malamulo a ku South Africa ali ndi mizu ina yosiyana ndi athu, amene anachokera ku England. Lemberani bungwe la ntchito yanu, mutchule sukulu zonse ziwiri ndi makosi ake, mufunse chimene adzafune kwa inu mukamaliza. Yankho lolembedwa musunge.

Ngati maso anu ali pa kudzagwira ntchito kunja, funso limatembenuka. Digiri ya uinjiniya yovomerezedwa ndi ECSA, bungwe la mainjiniya ku South Africa, imazindikirika m'maiko amene ali m'pangano la Washington Accord, ndipo ichi ndi chinthu chenicheni chimene chingalemeretse mbali imodzi ya sikelo.

Chachitatu: ndalama, kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku lovala gauni

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake ndi kumodzi: amawerengera chaka choyamba chokha. Abale amasonkherana, ng'ombe imagulitsidwa, mwana amanyamuka. Chaka chachiwiri kulibe ng'ombe ina. Wophunzira amene wasiyira panjira pa sukulu yotchuka amabwerera wopanda pepala, nthawi zinanso ndi ngongole imene imachititsa kuti sukulu ikane kumupatsa ngakhale zotsatira za zaka zimene anaphunzira.

Tengani pepala, mulembe mizere iwiri yotsika, umodzi wa sukulu iliyonse. Pa chaka chilichonse lembani fizi, malo ogona, chakudya, mayendedwe a tsiku ndi tsiku, ulendo wobwera kumudzi pa tchuthi, mabuku ndi intaneti, laputopu, zipangizo za kosi, ndi za chipatala. Fizi muitenge m'buku la fizi la sukuluyo la chaka chimenecho, osati kwa mnzanu amene anaphunzirako zaka zitatu zapitazo. Pa chaka chilichonse chotsatira onjezerani kena kake, popeza fizi ndi lendi sizitsika. Pomaliza onjezerani chaka chimodzi chathunthu chapadera. Kubwereza chaka kumachitikira ngakhale ana anzeru, makamaka pa masamu ndi sayansi za chaka choyamba, ndipo bajeti yosapirira chaka chimodzi choonjezera ndi yosalimba.

Zaka za kosi muziwerenge bwino. Digiri yoyamba kuno kawirikawiri ndi ya zaka 4, ndipo uinjiniya ndi udokotala zimatenga nthawi yoposerapo. Ku South Africa BA, BSc ndi BCom ndi za zaka 3, zomwe zimaoneka ngati zotchipa, koma kuti munthu apitirire ku Masters amayenera kuchita chaka china cha Honours, chimene amafunsira mwapadera ndipo salowa aliyense. Poyerekeza ndi digiri ya kuno, werengerani zaka 4 mbali zonse.

Sukulu yakunja muiwerengere m'ndalama yake, randi kapena paundi, kenaka mudzifunse kuti amene akulipirani amalandira ndalama yanji. Ngati amalandira makwacha, kumbukirani zimene zinachitika mu 2022 ndi 2023. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti: dola imene inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Banja lofuna madola 1,000 linagona likufunika K1,180,000 n'kudzuka likufunika K1,700,000, fizi isanakwere ndi tambala yomwe. Pamwamba pa apo pali vuto la kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, moti makwacha mukhoza kukhala nawo koma fizi n'kuchedwa kutumizidwa. Pitani ku banki yanu musanavomere malo, mukafunse mapepala amene amafuna potumiza fizi ndi nthawi imene pempho limatenga. Ndiye yesani bajeti yanu motere: ngati mtengo wa randi kapena paundi utakwera ndi theka, kodi mungamalizebe? Ngati yankho ndi ayi, sukulu imeneyo simunaikwanitse, ngakhale chaka choyamba chitalipiridwa kale.

Pali zina zopepukitsa katundu zimene muyenera kuzidziwa. Chifukwa cha pangano la maiko a SADC pa zamaphunziro la mu 1997, Mmalawi pa mayunivesite aboma a ku South Africa kawirikawiri amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, n'kuonjezerapo ndalama ina ya ophunzira ochokera kunja. Koma thandizo la NSFAS, bungwe la boma la kumeneko lothandiza ophunzira pa fizi, si la ophunzira ochokera kunja, ndipo sukulu zina zimafuna gawo lalikulu la fizi ya chaka chonse wophunzira wakunja asanalembetse. Viza ya maphunziro imafunanso medical aid yolembetsedwa ku South Africa komweko, yolipiriratu. Inshulansi ya kuno saiwerengera. Viza yomweyo imalola kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa mlungu. Ganyu ameneyo angakugulireni ndiwo ndi sopo, koma musamuike pa mzere wa fizi. Ku Britain, kupatula fizi, pali ndalama ya zaumoyo yolipira pofunsira viza, kuyezetsa TB, ndi kuonetsa kuti ndalama zokhalira zakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana.

Kwa ophunzira kuno, ngongole ya bungwe la HESLGB ndiyo mzati wa ambiri, koma saipereka kwa aliyense wosankhidwa. Amafunsira paokha, pa nthawi yake, ndipo imadzabwezedwa munthu akamaliza. Ngati sukulu imodzi mwa ziwirizo si yaboma, funsani ngati ophunzira a kosi yanu amaloledwa kufunsira ngongoleyi, komanso ngati imakwanira fizi yonse kapena gawo chabe.

Ngati sukulu ina yakupatsani sikolashipu, iwerengeni ngati kontirakiti. Kodi ndi ya chaka chimodzi kapena ya kosi yonse? Ikulipira fizi yokha kapena ndi malo ogona ndi chakudya? Mukalephera phunziro limodzi imaduka? Sikolashipu ya theka pa sukulu yodula imatha kusiya bowo lalikulu kuposa fizi yonse ya sukulu inayo. Ndipo palibe choletsa kulembera ofesi ya zachuma ya sukulu imene mukuikonda, kuwauza mwaulemu kuti muli ndi malo kwinanso ndipo chokulepheretsani ndi ndalama zakutizakuti. Nthawi zina alipo mathumba ang'onoang'ono amene salengezedwa kwambiri. Ofuna digiri yachiwiri ayang'anenso ku Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Canon Collins, Mandela Rhodes, Chevening ndi Commonwealth, pokumbukira kuti masiku awo ofunsira amatseka kutatsala miyezi yambiri kuti sukulu iyambe.

Chachinayi: yerekezani makosi, osati mayina

Ngati sukulu zonse ziwiri zadutsa pa mayeso atatuwo, tsopano ndiye mwafika posankha zenizeni. Mindandanda ya sukulu zapamwamba padziko lonse imayeza kwambiri kafukufuku ndi mbiri ya sukulu yonse, osati mmene dipatimenti yanu imaphunzitsira ana a chaka choyamba. UCT ndi Wits zonse zimakhala pamwamba mu Africa, ndipo kusiyana kwa manambala awo sikudzasintha kanthu pa tsiku lanu la intavyu.

Chothandiza ndi buku la makosi la fakote yanu, limene sukulu zambiri zimaika pa intaneti. Tsegulani mabuku onse awiri, mulembe maphunziro a chaka chilichonse moyandikana. Mudzadabwa kuona kuti madigiri a dzina limodzi ali ndi zamkati zosiyana: ina yadzadza masamu, ina yatsamira ku zamalonda, ina ili ndi semesita yathunthu yokaphunzira pantchito, ina ilibe. Onani maphunziro amene ali ngati chipata, oti ukalephera sungapitirire chaka chotsatira. Onaninso malamulo a mayeso: kodi amapereka mayeso obwereza, amene ophunzira amati sapu? Munthu amaloledwa kubwereza kangati asanachotsedwe? Masamba amenewa ndi osasangalatsa kuwerenga, koma ndi amene amalamulira moyo wanu zinthu zikavuta.

Malo amene sukulu ili amalowa m'maphunziro momwemo. Wits ili ku Braamfontein, mu mzinda womangidwa pa migodi ya golide, pafupi ndi malikulu a makampani a migodi ndi mabanki, ndipo ndi yodziwika pa uinjiniya wa migodi ndi sayansi ya miyala. UCT ili mu mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo wofuna sayansi ya za m'nyanja ali pakhomo pake. Kunonso n'chimodzimodzi: wophunzira zaulimi ku Bunda, kampasi ya LUANAR, ali ndi minda ndi ziweto pafupi, wa zaumoyo ku KUHeS amaphunzirira pa odwala enieni ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central, wa MUBAS ali pakati pa makampani a mu Blantyre pofuna malo ophunzirira ntchito. Ndipo ngati mukufuna kudzagwira ntchito kuno, musapeputse ubwino wophunzira kuno. Anzanu a m'kalasi ndi amene adzakhale m'maofesi mawa, ndipo matenda, nthaka ndi malamulo zimene mudzaphunzire ndi zomwe mudzakumane nazo pantchito.

Pezani ophunzira awiri kapena atatu a kosi yomweyo pa sukulu iliyonse, makamaka a chaka chachitatu. A chaka choyamba akadali m'chisangalalo, ndipo amene anamaliza kalekale amakumbukira zokoma zokha. Musawafunse kuti "kumeneko n'kwabwino?" chifukwa aliyense amayamikira kwawo. Afunseni kuti: m'kalasi munayamba angati ndipo mwatsala angati? Mu labu chipangizo chimodzi mumagwiritsa anthu angati? Aphunzitsi amapezeka mukafuna thandizo? Malo ophunzirira ntchito amakupezerani kapena mumadzisakira? Amene anamaliza chaka chatha ali kuti? Funsaninso ngati kalendala ya sukulu yakhala ikuyenda bwino zaka zaposachedwapa. Kusokonekera kumachitika konsekonse: Chancellor College, imene tsopano ndi UNIMA, inatsekedwa miyezi yambiri mu 2011 pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, ndipo zionetsero za Fees Must Fall zimene zinayambira ku Wits mu Okutobala 2015 zinaimitsa maphunziro m'mayunivesite ambiri a ku South Africa.

Chachisanu: kogona, ulendo ndi anthu

Malo a pasukulu ndi malo ogona ndi zinthu ziwiri. Kalata yokuitanani sikutanthauza kuti bedi lilipo. Kuno mahositelo sakwanira, n'chifukwa chake ophunzira ambiri a UNIMA amachita lendi ku Chikanda ndi madera ena ozungulira, a MUBAS ku Chitawira ndi Zingwangwa, a MZUNI ku Luwinga. Ku Cape Town ophunzira amakhala ku Rondebosch, Mowbray ndi Observatory, ndipo lendi ya mzinda umenewu ndi yowawa. Funsani ngati a chaka choyamba amatsimikiziridwa malo ogona, ndi chimene chimachitika chaka chachiwiri. Kwa mtsikana makamaka, mtunda wa pakati pa laibulale ndi chipinda chake usiku si nkhani yaing'ono, ndipo muufunse mwachindunji.

Ulendo wobwerera kumudzi nawo muuwerengere. Kuchokera ku Johannesburg kuli ndege zofika ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komanso mabasi odzera ku Beitbridge, Harare, Tete mpaka ku Mwanza. Cape Town ili makilomita pafupifupi 1,400 kupitirira Johannesburg, ndiye ulendo uliwonse, wa tchuthi kapena wa maliro, uli ndi mwendo woonjezera. Nyengo yozizira ya ku Cape Town ndi yamvula ndi mphepo, pamene ya ku Johannesburg ndi youma koma yozizira kwambiri usiku. Ngati muli ndi matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku, dziwiranitu kumene muzikawalandira. Kukhala ndi m'bale wodalirika kapena mpingo wanu mu mzindawo ndi chinthu choyenera kulembedwa papepala paja, chifukwa tsiku limene fizi yachedwa kapena mwadwala, amene amabwera ndi iyeyo.

Ngati n'kotheka kukaona sukulu, pitani tsiku wamba la maphunziro, mulowe mu laibulale, muone zimbudzi za ku hositelo ndi kumene ophunzira amadyera.

Chachisanu n'chimodzi: kambiranani, kenaka yankhani mwadongosolo

Khalani pansi ndi amene akulipirireni, kaya ndi makolo, amalume kapena achimwene, pepala lija lili patsogolo. Aliyense anene ndalama imene angathe pa semesita, kwa zaka zingati, ndipo zilembedwe. Mawu akuti "tidzaona" asalowe mu bajeti. Akuluakulu akhoza kukonda sukulu ina chifukwa cha dzina lake kapena chifukwa iwo anaphunzira kumeneko. Amvereni mwaulemu, koma aonetseni mndandanda wa maphunziro ndi manambala. Iwo ali ndi mawu aakulu pa zimene thumba lingathe. Pa kosi imene mudzakhale nayo moyo wonse, mawu anu amveke.

Poyankha tsatirani ndondomeko iyi. Vomerani kaye sukulu imene mwasankha, m'njira imene kalata yanena, ndipo lipirani ku akaunti yolembedwa pa kalatayo kapena pa webusaiti ya sukulu basi. Nyengo ya zotsatira imabwera ndi akathyali oimba foni kuti akusungirani malo mukawatumizira ndalama pa foni. Malo a ku yunivesite sagulidwa kwa munthu. Sungani risiti, ndipo dikirani chitsimikizo cholembedwa. Ngati mwasankha yakunja, yambani za pasipoti, kalata ya kupolisi ndi viza tsiku lomwelo, ndipo malo a sukulu inayo musawataye msanga ngati malamulo ake akulola, kufikira viza ndi ndalama zitatsimikizika. Funsani ngati ndalama yosungira malo imabwezedwa, ndiponso ngati amalola kuimika malo mpaka chaka chamawa, popeza sukulu zina zimalola pa zifukwa zomveka pamene zina zimafuna kuti mufunsirenso.

Zonse zikakhazikika, lemberani sukulu inayo kalata yaifupi yothokoza ndi kukana malowo, mutchule dzina lanu lonse, nambala yanu yofunsira ndi kosi. Mukangokhala chete, malowo amakhala opanda munthu pamene wina ali pa mndandanda wodikirira, ndipo sukulu zina zimapitiriza kukuwerengerani fizi ngati munalembetsa kale koma simunadzichotse mwalamulo.